Mota ya waipa ingazungulitse tuner ya eriyo yanga?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndikhala ku Chilenje kuno ku Lusaka, laisensi ya amateur (yolankhulirana pa wailesi mongosangalala) ndinatenga kale ku ZICTA ndipo ndimakonda kucheza pa ma band a 40 mita (7 MHz) ndi 20 mita (14 MHz), wailesi yanga ndi ya mawati 100. Waya wa eriyo ndinamangirira ku mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mamita ngati 30 kuchoka pomwe pali wailesi, manje ndifuna tuner, kabokosi kogwirizanitsa eriyo ndi wailesi, izikhala pansi pa mtengopo ine nkumaichuna ndili mnyumba chifukwa zotuluka usiku ndi tochi zanditopetsa. Ndili ndi makapasita awiri aja a timbale ndi koilo ya kagudumu yomwe amati roller inductor. Mnzanga makanika wandipatsa mota ya waipa ya galimoto ulele, wina akuti chotsa stepper (mota yoyenda ndi masitepe) mu printa yakufa, winanso akuti gula servo (kamota koima pomwe wakauza) chabe. Ndimvere ndani? Wowerenga wa ku Chilenje.

YANKHO: Achimwene, zikomo kwambiri, kalata ngati iyi imandisangalatsa chifukwa ma 9J2, ma amateur a kuno ku Zambia, omanga okha zipangizo ndi ofunika kuwalimbikitsa. Maganizo oika tuner pansi pa eriyo ndi abwino zedi, coax yanu yonse ija ya mamita 30, waya wochoka ku wailesi kupita ku tuner, izigwira ntchito pafupi ndi ma ohm 50 ake ndipo mphamvu yotayika mnjira ichepa. Koma mota ya waipa ija mnzanuyo mumuthokoze basi, musaiike.

Ndifotokoze chifukwa chake. Kapasita ya timbale imachoka potseguka kufika potsekeka ndi theka chabe la kuzungulira, madigiri 180, ndipo malo pomwe SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) imatsika bwino nthawi zina ndi kadontho, mukangopitirira pang'ono kathawa. Mota ya waipa imathamanga maulendo makumi angapo pa mphindi, ndiye kuti musanachotse chala pa batani yadutsa kale, mubwerere idutsenso, mpaka mutopa. Mphamvu yake ndiyambirinso, inapangidwa kukankha mvula pa galasi la galimoto, shafti ya kapasita ikangokakamira penapake imapinda timbale kapena kuthyola kagudumu ka koilo osamva nkomwe. Kenako pali nkhani ya magetsi. Tinene kuti mwakoka waya wa netiweki uja wa Cat5 kupita ku mtengo, kupita ndi kubwera ndi mamita 60, pafupifupi ma ohm 5. Kamota kakang'ono kokoka 0.2 amp kataya volti imodzi yokha mnjira, palibe vuto. Ya waipa imafuna ma amp angapo, pa ma amp 3 masamu akuti mavolti 15 atayike pomwe inu muli ndi 12 okha, siinyamuka nkomwe.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mota wamba za DC za mavolti 12 zokhala ndi magiya ake kale. Pa makapasita funani yoyenda pang'onopang'ono, 1 mpaka 3 rpm, kutanthauza maulendo pa mphindi. Pa 2 rpm theka lija imalimaliza mmasekondi 15, mumakhala ndi nthawi yoyang'ana mita nkusiya batani pamalo pake. Koma musagule zitatu zofanana ayi, apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Koilo ya kagudumu imazungulira kambirimbiri, werengani yanuyo, ngati ndi maulendo 30 ndiye pa 2 rpm mudikira mphindi 15 kuti ichoke uku kufika uko, station yomwe mumaifuna ija yatseka kalekale. Koiloyo ipatseni ya 30 mpaka 60 rpm, pa 60 ndi theka la mphindi basi. Mukapeza ya magiya a worm, aja okhala ngati sikuluwu, ndi bwino koposa chifukwa mukazimitsa magetsi imagwira pomwepo, siibwerera yokha.

Za mphamvu musaganizire, yezani, ndipo simufunika chipangizo cha ku shopu. Mangani kandodo pa shafti kotuluka masentimita 10 chopingasa, kumapeto kwake pachikani botolo lopanda kanthu muzithiramo madzi pang'onopang'ono mpaka shafti iyambe kuyenda. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye ngati yayenda pa 200 ml ndiye kuti ikufuna 2 kg.cm, nambala yomweyo ndi yomwe ogulitsa mota amalemba. Gulani yoposa pamenepo kawiri kapena katatu, popeza fumbi la mphepo ya Ogasiti likalowa mma bearing zinthu zimalimba kuposa tsiku lomwe munayeza.

Vuto la mota ya DC ndi loti simudziwa pomwe yafika, ndipo bokosi lili kutali simukuliona. Lumikizani potentiometer (kachipangizo konga kokwezera voliyumu) ku shafti, pa koilo ikhale ija ya maulendo 10 yodutsa pa magiya kuti ikwane, mnyumba muike kamita, kenako mulembe papepala kuti 7 MHz singano imakhala apa, 14 MHz apa. Ndipo ma limit switch, timaswitchi toimitsa mota, kumapeto konse kuwiri kwa koilo musawasiye chonde, aliyense ndi diode yake (imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) kuti mota ikaima kumapeto izithabe kubwerera. Ine koilo yanga yoyamba ndinaithyola motero, ndinagwira batani ndikulankhula ndi mwana, kagudumu kanakwera kumapeto nkupindika, zinandiwawa chifukwa koilo zotere kuno sizipezeka wamba.

Stepper si yoipa. Zambiri za saizi ya NEMA 17 zimayenda madigiri 1.8 pa sitepe, masitepe 200 kuzungulira kamodzi, ndipo ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino mutha kusunga malo a band iliyonse nkumangodina batani limodzi. Koma dziwani zinthu ziwiri. Ma driver oyendetsa stepper ngati A4988 ndi DRV8825 amadula magetsi mwachangu kwambiri ngakhale mota itaima, phokoso lakelo limalowa mu wailesi makamaka poti bokosi lili pansi pa eriyo penipeni, ndiye muzimitse driver kudzera pa pini ya enable mukangomaliza kuchuna. Chachiwiri stepper imangowerenga masitepe, siidziwa pomwe ili, magetsi akathima pakati pa ntchito, monga tizolowera kuno ndi lodishedingi, ikayaka ifunika ibwerere ku switchi ya poyambira iyambenso kuwerenga. Za mu printa zambiri ndi zofooka popanda magiya. Kaja ka 28BYJ-48 ka mavolti 5 kali ndi magiya pafupifupi 64 kwa 1 ndipo nkotchipa, kapasita yofewa kangathe, koilo ayi. Servo ndiye sindikulangizani, imamvera timapulse ta 1 mpaka 2 millisecond ndipo RF, mphamvu yomwe wailesi imatulutsa, ikalowa mu waya wautali uja servoyo imayamba kunjenjemera mukungodina PTT, batani lolankhulira, kapasita nkumasuntha muli pakati polankhula.

Chimodzi ichi ndiye mundimvetse bwino chifukwa ndi cha moyo. Mu tuner ya mtundu wa T makapasita onse awiri sakhudza ground, shafti yake ili ndi RF, ndipo pa mawati 100 ndi eriyo yovuta mavolti ake atha kufika mazana ambiri ngakhale kupitirira 1,000. Musalumikize chitsulo cha mota ku chitsulo cha kapasita mwachindunji. Pakati pakhale kandodo ka fibreglass, nayiloni kapena ceramic, kotalika masentimita angapo. Pa mota iliyonse ya DC wotcherani kapasita ya 100 nF pakati pa miyendo yake iwiri kuti phokoso la kuthetheka kwa mabulashi a mota lisamamveke mu risiva, ndipo waya wa kontrolo muukulunge kangapo pa mphete ya ferrite yotchinga RF, ya mix 31 kapena 43, potuluka mbokosi ndi polowa mnyumba. Pochuna tsitsani mphamvu kufika mawati 5 kapena 10, kagudumu kakamayenda pa mawati 100 kamapsereza koilo.

Bokosi likhale la pulasitiki lotseka bwino, mawaya alowere pansi, kabowo kotulutsa chinyezi kakhalenso pansi koma kotchinga ndi kaneti, apo ayi mavu ndi nyerere asamukiramo. Liikeni pamthunzi chifukwa cha dzuwa la Okutobala. Mvula ikayamba mu Novembala, mukamva kugunda kokha, chotsani coax ndi waya wa kontrolo womwe, anthu amakumbukira coax nkuiwala winayo pomwe mphenzi imadutsa monsemo.

Pofuna mota yambani mwazungulira mmashopu a zamagetsi mtauni ndi ku Kamwala, mutenge kabatire ka mavolti 12 kuti muiyese pomwepo, muwerenge maulendo ake ndi wotchi ya pa foni musanalipire. Mukayeza ndi botolo lija tilembereninso manambala ake ndi maulendo a koilo yanu, tidzasankhire limodzi.