Funsani Akatswiri: Anthu Akungofika Pawebusaiti Yathu N'kubwerera

Funso: Bungwe lathu lili ndi webusaiti yooneka bwino ndithu, koma anthu ambiri akumangofika patsamba loyamba n'kuchoka. Ena akumaimba foni kufunsa zinthu zomwe tinalemba kale pamenepo. Talakwitsa pati?

Yankho: Musathamangire kusintha mitundu. Yambani mwatenga foni wamba, osati kompyuta ya mu ofesi, mutsegule webusaitiyo ndi data. Ngati ikuchedwa, vuto loyamba ndi limenelo. Mu 2016 Google inapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse obwera patsamba kudzera pafoni, 53 amathera panjira tsambalo likapitirira masekondi atatu lisanatseguke. Kawirikawiri cholemetsa ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera chimatha kufika 4 MB, pomwe patsamba 150 KB imakwanira. Chichepetseni kuti m'lifupi chisapose mapikiselo 1600 (mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi pasikirini), muchisunge mu WebP (mtundu wa fayilo ya zithunzi wosalemera), kenako muyeze liwiro la tsambalo ndi PageSpeed Insights, chida cha Google cha pa intaneti. Chinthu chachikulu patsambapo chizioneka pasanathe masekondi 2.5.

Koma mafoni mukulandirawo akuloza vuto lalikulu, la zolemba. Pawebusaiti anthu sawerenga mzere ndi mzere, amangoyendetsa maso kusaka mawu amene abwera nawo m'mutu. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, anaziona izi mu 1997: mwa anthu amene anawayesa, 79 pa 100 aliwonse ankangomwaza maso, 16 okha ndiwo ankawerenga liwu lililonse. Nanga mabungwe ambiri amaika chiyani pamwamba? Mbiri yawo, masomphenya ndi uthenga wa bwana, womwe amauwerenga mpaka kumapeto ndi bwanayo yekha. Wofuna fomu kapena nthawi yotsegulira amatopa, n'kutola foni.

Kwa sabata ziwiri, wolandira mafoni azilemba funso lililonse monga momwe wofunsayo waliyankhulira. Mafunso asanu obwerabwera ndiwo apite pamwamba, m'mawu a ofunsawo, osati a mu ofesi. Yankho likhale m'chiganizo choyamba, zofotokozera zitsatire pansi. Pa menyu, “Zothandiza” sizikunena kanthu, koma “Mafomu olembetsera” aliyense amva. Batani lisamati “Dinani apa”, liziti “Tsitsani fomu”, ndipo likhale lalikulu mapikiselo 48 mbali zonse kuti chala chisaphonye. Zilembo zisachepere mapikiselo 16.

Mukatha, pezani anthu asanu osagwira ntchito pabungwepo. Aliyense mumupatse ntchito imodzi, monga kupeza fomu, inu muzingoonerera. Musamuthandize ngakhale mukumumvera chisoni; pamene waima n'kukwinya nkhope ndi pomwe pakufunika kukonza.

Funso: Tiziika nkhani zatsopano kangati kuti webusaiti isaoneke yakufa?

Yankho: Kangati si nkhani. Chimene chimathawitsa anthu ndi tsamba lonena zabodza chifukwa chokalamba: nambala yomwe inasiya kugwira, chilengezo cha msonkhano womwe unachitika kale. Lembani masamba onse pa spreadsheet, lililonse ndi dzina la woliyang'anira komanso tsiku loliunikanso, mwina pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Masamba awiri onena chinthu chimodzi muwaphatikize. Lopanda ntchito mulichotse, koma muike redirect ya 301, lamulo lotumiza wobwera aliyense ku tsamba lomwe lalowa m'malo mwake. Mukapanda kutero, wobwera kuchokera pa Google kapena pa linki yakale adzapeza uthenga wa 404, wonena kuti tsambalo silikupezeka.