Za ku Roadport Lachisanu

Ee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Ukuti ukatsika basi ku Roadport, siteshoni ya mabasi a mayiko ena muno mu Harare, utulukire mbali iti, ndiye kombi ya ku Dzivarasekwa ukaikwerere pati. Aa, iweyo? Amene unkatitsogolera mu Limbe ngati tauni ndi ya bambo ako, lero ukufunsa khomo?

Chabwino. Roadport ili pa Fifth Street ndi Robert Mugabe. Makombi oyandikira ndi a pa Fourth Street, pano akuti Simon Muzenda, koma amenewo ndi a ku Mabvuku ndi Tafara. Athu ali ku Copacabana, tsidya lina la tauni. Ndiye uyende... ayi, dikira kaye.

Ukuwakumbuka amalume mmene ankakwerera basi? Mpando wawo pafupi ndi zenera lija la kahamala kofiira, basi. Ukawapatsa wina, bola kuima. Ku Mbare Musika, pa tebulo lawo la matemba, tsiku lililonse mkangano ndi mayi wina wa mbatata. Mayiyo akangosanja matumba mu kanjira, amalume kuwakoka, kuwabweza. Anthu ankati nkhalambayi ndi yovuta. Ndiye moto uja wa Okutobala 2024, unayaka usiku, msika wonse phulusa. M'mawa ndinapita nawo. Za matemba awo sanatchule n'kamodzi komwe. Anangoima pamalata opindika, fungo la pulasitiki lili tho, akuloza ndi ndodo: kanjira kanali apa, geti lili uko. Kenako akuti, "Ukanayaka masana, amayi a ana kumbuyo akanatulukira pati?" Manja akunjenjemera. Mpaka lero ndikalowa m'nyumba yosanja, kaya ku Eastgate, maso anga amayamba afuna masitepe, lifiti pambuyo.

Mm. Ndimati chiyani? Eya. Iwe sukufunsa za khomo ayi. Ukubwera ndi agogo, mwendo wawo uja, ndi zikwama za ufa ndi usipa, mutachoka ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, kutopa konseko. Ukuchita manyazi kunena kuti mudzandichingamire. Ndidzabwera ineyo, usatuluke.

Kunja kwa geti mahwindi, anyamata oitanira aja, amalanda chikwama m'manja kuthamanga nacho ku mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mopanda chilolezo, agogo sangawapirikitse. Khalani mkati, pamene mukuliona khomo koma osatsekereza njira, ndikupezani pomwepo.

Wamva? Ngakhale basi ifike pakati pa usiku, agogo akhale pansi, iwe undiimbire mukangodutsa Mutoko. Osatuluka mpaka undione.