Mbuzi zija musagulitse, mayi

Imelo yanu inandipeza Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo ndinaiwerenga katatu pa foni mpaka batire linatsala pang'ono kutha. Kwa amene simunaione: mayi wina wa ku Ntchisi, dzina ndisunga, ali ndi munda wa maekala awiri, dzina lawo silinatuluke pa feteleza wotsika mtengo, kudimba injini yothirira yangokhala chifukwa petulo sakumukwanitsa, ndipo m'khola muli mbuzi zisanu. Akufunsa ngati azigulitse kuti apeze feteleza. Ndinafuna kuyankha ndi mizere itatu usiku womwewo, koma zala zinakana. Mbuzi zimene mukunenazo, mayi, ine ndinagulitsapo kale.

Unali mwezi wa Novembala 2022. Munda wathu uli kumudzi cha ku Mponela, maekala atatu amene anatisiyira malemu bambo, ndipo ine ndimalima ndili ku Lilongwe, kupita Loweruka kubwerako Lamulungu, alimi apafoni amene amatiseka aja. Chaka chimenecho kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi, nkhondo ya Russia ndi Ukraine ili mkati, ndipo thumba limene mu 2020 tinkagula cha m'ma K20,000 linali litapitirira K60,000. M'khola munali mbuzi zisanu ndi ziwiri. Ndinaitana venda wina, anabwera panjinga yamoto atamangirira dengu lalikulu kumbuyo, nayamba kugwiragwira mbuzi zija m'chiuno uku akupukusa mutu ngati wapeza matenda. Mu Novembala aliyense amagulitsa mbuzi, wina akufuna feteleza, wina fizi, wina chimanga chatha, ndiye mtengo amatchula ndi wogula. Anatenga zisanu ndi imodzi pa maulendo awiri. Inatsala nkota imodzi yothyoka nyanga imene iye mwini anaikana.

Ndalama ija inakwana matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, n'kutsalako yolipira aganyu. Matumba awiri ndi chakudya cha ekala imodzi. Ine ndinali ndi maekala atatu, ndipo onse ndinali nditadzala chimanga, chifukwa bambo ankadzala onse, ndipo sindinkafuna kuti anthu odutsa pamsewu azinena kuti mwana wa uje munda wamukanika. Ndiye ndinauza anyamata kuti kachitsekero ka botolo koyezera feteleza kaja asamadzaze, kamodzi kazigawidwa mapando atatu. Amayi anga anaima m'mphepete mwa munda manja ali kumbuyo, nati, "Iwe, chimangachi ukungochinunkhitsa feteleza, sukuchidyetsa." Ndinaseka. Pofika Febuluwale masamba anali achikasu kuyambira pansi, kaufiti atachita maluwa ake ofiira munda wonse ngati wina anachita kudzala. Tinakolola ngolo ziwiri ndi theka, zitsononkho zina zazifupi ngati chala chachikulu. Kuchotsapo cholipira mwini ngolo ndi amayi otonola, chotsalacho sichikanagulanso ngakhale mbuzi zitatu.

Chimene chinandipweteka kwambiri si zimenezo. Tsidya la malire athu kuli mayi wina wamasiye amene chaka chimenecho anadzala chimanga pa theka la ekala lokha, pamene chaka chinzake panali mtedza. Feteleza anagula wa pa ndowa, koma phando lililonse anali atathiramo manja awiri a ndowe za m'khola mwake kuyambira Okutobala. Kwinako anadzala soya ndi mbatata. Chimanga chake chinali chobiriwira chakuda, mapesi ngati nzimbe. Pa katheka kaja anatulutsa ngolo ziwiri. Ine ndinapita kukasuzumira m'khola mwathu kuti mwina chaka chinacho nditengere nzeru yake, ndinapeza nkota ija ili yokha pakona, pansi pali mbee. Ndinali nditagulitsa ndowe za zaka zisanu zikubwerazo pamodzi ndi ana ambuzi osabadwa, n'kugula chinthu chimene mvula ziwiri zinasungunula.

Za injini yanu ndiye musandikumbutse. Nanenso ndinali nayo, yofiira, ndinkathirira tomato kudambo. Miyezi ija mafuta anasowa m'dziko muno ndinagona pamzere ndi chigubu, kutacha ndafika kutsogolo akundiuza kuti m'zigubu sakuthira. Nanga injini yothirira ndiisenze pamutu kuchokera ku Mponela? Ndinakagula kwa anyamata am'mbali mwa msewu, mtengo kuwirikiza, ndipo chimene anasakanizamo akudziwa ndi iwo. Injini inatsokomola masiku awiri n'kuzima. Tomato anali atayamba maluwa. Tinayesa ndi makheni ine ndi mphwanga, koma mabedi amene unayala podalira injini sungawamalize ndi manja, ndiye theka linauma tikuona.

Anthu amadabwa kuti bwanji feteleza ndi mafuta amakwera limodzi ngati anapangana. Ndi ana a mimba imodzi. Yureya, feteleza wobereketsa uja, amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndiye gasi akadula ku Ulaya, ife ku Dowa timamva. Kuno tilibe fakitale ya yureya, tilibenso nyanja yamchere. Zonse ziwiri zimatsika pa sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda mtunda wonsewo, kwambiri pa malole akumwa dizilo, ndipo zimalipiridwa ndi madola amene ife timawapeza makamaka tikagulitsa fodya. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti, petulo anafika K2,530 pa lita, dizilo K2,734, ndipo thumba la feteleza silinachedwe kulondola. Kenako linadzadutsa K100,000. Koma mafuta amamudya mlimi mwakabisira kuposa feteleza. Wanjinga yamoto amene akutengereni thumba kuchokera ku sitolo wakweza. Chigayo cha dizilo chakweza. Lole imene ikubwera kudzagula soya wanu yakweza, ndipo venda sachotsa m'thumba mwake, amachotsa pa sikelo yanu. Pogula mukulipira dizilo, pogulitsa mukulipiranso dizilo yemweyo.

Apa ndinene zimene ena sazikonda. Feteleza wotsika mtengo anatigoneka tulo. Ndisaname, chimanga cha makuponi ndinadya. Amene tinaona njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, sitingatukwane zimene Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005. Panafika poti thumba ukuligula K500, nkhokwe zinadzaza, ndipo tinavina. Koma m'zaka zimenezo mbadwo wonse unakula ukudziwa kuti chonde chimabwera pa lole. Maenje amanyowa anakwiririka. Mapesi tinayamba kungotentha posaka mbewa. Kulima kunasanduka kudikira kuti amfumu aitana mayina liti. Itabwera pulogalamu yatsopano ya boma ya feteleza wotsika mtengo, ya AIP, mu 2020 thumba linali K4,495 ndipo mabanja oposa 3 miliyoni analowamo. Chaka chotsatira K7,500, kenako K15,000, mayina akucheperachepera mpaka kutsala cha m'ma miliyoni imodzi. Amene dzina latuluka agone pa depoti masiku atatu kudikira netiweki, apeze wobereketsa alipo wokulitsa kulibe. Mu 2022 tinamva ndi makutu athu kuti K750 miliyoni ya feteleza inapita ku kampani ina ya ku UK yogulitsa nyama. Matani 20,000 amene anachokera ku Russia ngati mphatso anaperekedwa mu Malichi 2023, chimanga chitamasula kale ngayaye. Ndiye wina adzandiuze kuti ndikonze ulimi wa banja langa potengera mndandanda umenewo? Ayi. Likatuluka dzina, landirani, ndi misonkho yanu yomwe. Koma amene akuwerengerabe kuponi ngati mbewu ya m'nkhokwe akudzinamiza, ndipo andale amene amatilonjeza mtengo wa thumba pa msonkhano amadziwa bwino lomwe kuti gasi ndi dola si iwo amalamula.

Nawonso a manyowa asasangalale msanga. Pali anthu amene amalalikira kompositi atakhala mu ofesi yozizira, ndowe sanaigwirepo. Manyowa ndi ntchito yothyola msana, ndipo kawirikawiri msanawo ndi wa mzimayi. Ekala imodzi imafuna ngolo zingapo, ndipo wopanda ngolo ndiye kuti dengu pamutu, ulendo makumi angati kuchokera kukhola mpaka kumunda. Za mitengo yobwezeretsa chonde ndi zoona, ku Makoka ku Zomba anayesa gilisidiya ndi chimanga zaka zambiri ndipo zinaoneka, koma mtengo sudyetsa munthu chaka chimene waudzala. Pakati pa munda wathu panali nsangu waukulu, mtengo wamakhalidwe achilendo uja umene umayoyola masamba mvula ikayamba n'kuphukira m'chilimwe, moti chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa. Agogo ankati pamenepo ndi pa mbale ya mfumu, chifukwa chimanga cha pamenepo chinkatalika kuposa munthu popanda kuthira kanthu. Tinaudula ife tomwe chaka china, ati ukuitana mbalame. Chitsa chake chilipobe, ndimachilambalala. Ndadzala ina isanu, koma mthunzi wake adzaudziwa ndi adzukulu.

Ndipo poti ambiri mumandifunsa za feteleza wa Mbeya, ndiyankhiretu pompano. Ine ndimasakaniza makilogalamu 20 a gaga, 10 a phulusa, 10 a ndowe zouma zosinja, 10 a feteleza wa m'sitolo ndi madzi malita asanu, n'kumanga m'thumba la pulasitiki mkati mwa saka masabata atatu. Amathandiza, nthaka imafewa. Koma amene amati thumba limodzi labala matumba asanu akukokomeza. Makilogalamu 10 a feteleza akadali 10, ndipo mukasakaniza yureya ndi phulusa, fungo lobaya m'mphuno limene limatuluka pomasula thumba lija ndi mphamvu ya fetelezayo ikuthawira kumwamba. N'chifukwa chake ine ndimapangira wokulitsa yekha. Komanso chaka cha njala ngati 2024, pamene El Niño anaumitsa minda mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23, gaga amakhala chakudya cha anthu, simungamuthire m'munda ana akuyang'ana.

Tsono muchite chiyani

Zazikazi zonse zisiyeni. Chimanga dzalani theka la ekala kapena kupitirira pang'ono, pamalo abwino kwambiri, makamaka pamene panali mtedza kapena soya, mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi pa phando masentimita 25 aliwonse. Kokolani m'khola lero lomwe, ndowe zonse zipite pamenepo. Kwinako soya, mtedza, mbatata. Soya mumupake mankhwala aja a m'kapaketi omuthandiza kupanga chonde m'mizu, ndi otchipa. Ngati pali tonde kapena mtheno, mugulitse sabata ya Khirisimasi mtengo ukakwera, mugule yureya, ndipo nthawi yothira imakhala itangokwana kumene. Palirani kaye, boolani kadzenje pambali, thirani nthaka ili yonyowa, kwirirani. Yureya wosiyidwa pamtunda amauluka. Katapila musamuyandikire, ngati n'kubwereka bola ku banki mkhonde. Kudimba chepetsani mabedi afike poti kheni ikwanitsa, phimbirani ndi udzu, injini muziiyatsa pamodzi ndi anzanu oyandikana nawo mosonkherana petulo, ndipo gulu lomwelo liyambe kusunga ya pampu ya sola.

Anthu adzanena, zimenezo dziwiranitu. Ine chaka chatha nditadzala chimanga ekala imodzi yokha, amalume anafunsa amayi ngati ntchito yandithera m'tauni. Amayi anangoti, "Wayamba kumva." Nkota yothyoka nyanga ija inaswa mapasa, pano m'khola muli zinayi, ndipo venda uja anadutsa mwezi watha n'kuimitsa njinga pa mpanda, ndinamupatsa moni wa patali. Mundilembereko, mayi, mundiuze kuti mwa zisanuzo zazikazi ndi zingati, komanso ngati pamene panali mtedza chaka chatha pamakhala kaufiti.