Yehova, Yahweh kapena Chauta: yankho langa kwa mlongo wathu amene anafunsa za dzina la Mulungu

Mlongo wanga, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti Baibulo limene mumawerenga inu limati Chauta, la amayi anu limati Yehova, ndipo kanema amene munalandira pa WhatsApp akuti mayina onse awiriwa ndi abodza, dzina lenileni ndi Yahweh koma omasulira analibisa dala. Tsono mukufuna kudziwa ngati Mabaibulo athu anamasuliridwa molondola kuchokera ku Chiheberi. Ndiyankha motalikirapo ndithu, chifukwa nkhaniyi imandikhudza, komanso ndaona kuti mayankho achidule ndi amene akuwonjezera mantha m'mitima ya anthu.

Choyamba chimene chikhazike mtima wanu pansi ndi chakuti dzinalo silinatayike. M'Chipangano Chakale cha Chiheberi lilimo koposa ka 6,800, lolembedwa ndi zilembo zinayi zotchedwa yodi, he, wawu ndi he, zimene m'zilembo zathu timalemba kuti YHWH. Umboni wake ulinso kunja kwa Baibulo. Mesa, mfumu ya Mowabu imene imatchulidwa pa 2 Mafumu 3, anazokotetsa mwala wodzitamandira pa zaka pafupifupi 840 Yesu asanabadwe, ndipo pamwalapo pali dzina lomweli ngati dzina la Mulungu wa Israele. Mwalawo unapezeka mu 1868 ndipo lero uli ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Paris. Mu 1979, m'manda ena akale pa Ketef Hinnom ku Yerusalemu, munapezeka timapepala tiwiri tasiliva topindidwa, ta zaka za m'ma 600 Yesu asanabadwe, pamene panalembedwa mawu a dalitso la ansembe la pa Numeri 6:24-26, dzinalo lili pomwepo. Choncho palibe katswiri amene amakana zilembo zinayizo. Mkangano wonse uli pa katchulidwe kake.

Chiheberi chakale chinkalembedwa ndi zilembo zopanda liwu zokha, ndipo zilembo za liwu, monga a, e, i, o, u, wowerenga ankaziikamo yekha pakamwa. Tayesani ndi Chichewa chathu. Ndikalemba kuti nymb, mungawerenge kuti nyumba, nyemba, nyimbo kapena nyambo. Koma ndikalemba kuti tinaphika nymb, palibe Mchewa amene angaphonye, chifukwa chiyankhulocho amachidziwa ndi khutu. Aheberi nawonso ankawerenga chimodzimodzi popanda vuto. Vuto limabwera pamene liwu lina laleka kutchulidwa kwa mibadwo yambiri, chifukwa pepala limasunga zilembo koma kamvekedwe kamasungidwa ndi pakamwa pa anthu.

Izi ndi zimene zinachitikira dzina la Mulungu. Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, pang'ono ndi pang'ono anayamba kupewa kulitchula, poopa lamulo la pa Eksodo 20:7 loletsa kutchula dzinalo pachabe ndi chilango cha pa Levitiko 24:16 cha munthu wolichitira mwano. Akafika pa zilembo zinayizo powerenga m'sunagoge ankanena kuti Adonai, kutanthauza Ambuye. Zolemba za arabi, aphunzitsi a Chiyuda, zimasimba kuti mkulu wa ansembe ankalitchulabe m'Kachisi pa Tsiku la Chitetezo, koma Aroma atagwetsa Kachisiyo m'chaka cha 70 mwayi umenewonso unatha. Ife Achewa sitiyenera kudabwa ndi khalidwe limeneli. Mkamwini satchula apongozi ake ndi dzina, ndipo amayi ambiri akumudzi amakhala m'banja zaka makumi anayi akuitana amuna awo kuti abambo a uje, kapena kuwatchula ndi mfunda wawo. Dzinalo amalidziwa bwino lomwe, ndipo palibe amene anganene kuti alibisa mwachinyengo. Ndi ulemu umene umalemeretsa lilime.

Dzina lakuti Yehova linachokera pomwepa. Pakati pa zaka za m'ma 600 ndi 900 Yesu atabadwa, alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, anakonza timadontho ndi timizere toika pansi ndi pamwamba pa zilembo kuti katchulidwe ka Malemba kasasochere. Atafika pa YHWH sanasinthe chilembo ngakhale chimodzi, koma anaikapo timadontho tokumbutsa wowerenga kuti pamenepo anene Adonai. Pamene mawu akuti Adonai ndi YHWH akhala pamodzi, monga pa Genesis 15:2, anaikapo timadontho ta Elohim, kutanthauza Mulungu, kuti wowerenga asanene Adonai kawiri, ndipo zimenezi zikutsimikiza kuti timadonthoto sitinali katchulidwe ka dzinalo ayi. Patapita zaka mazana, Akhristu a ku Ulaya amene ankaphunzira Chiheberi anawerenga zilembozo ndi timadontho take ngati liwu limodzi, n'kutuluka Yehowah. William Tyndale, womasulira Baibulo, analilowetsa m'Chingerezi mu 1530. Ndingowonjezerapo kuti chilembo cha J m'Chilatini chinkamveka ngati Y, kotero Yehova wathuyu ali pafupi ndi Chiheberi kuposa mmene Angerezi amatchulira lero.

Nanga Yahweh? Apa mwini kanemayo wanena zoona pang'ono, ndipo ndi bwino kuvomereza. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kameneka ndi kamene kakuyandikira kwambiri. Chiyambi chake chakuti Ya timachimva m'mawu akuti Aleluya, amene amatanthauza kuti tamandani Ya, komanso kumapeto kwa mayina monga Eliya, Yesaya ndi Yeremiya. Bishopu Theodoret wa m'zaka za m'ma 400 analemba m'Chigiriki kuti Asamariya ankalitchula kuti Iabe. Ndipo pa Eksodo 3:14, pamene Mulungu akuuza Mose kuti ehyeh asher ehyeh, "Ine ndine yemwe ndili Ine", dzinalo lalumikizidwa ndi mneni wa Chiheberi wotanthauza kukhala kapena kukhalapo. Komabe Yahweh ndi katchulidwe kamene anthu ophunzira anachita kulumikiza kuchokera ku maumboni amenewa, ndipo palibe mpukutu wa Chiheberi umene unalemba zilembo zake za liwu. Munthu amene akukuuzani kuti pemphero lanu silimveka kumwamba pokhapokha mutatchula monga iye akutchulira, akukusenzetsani katundu amene Malemba sanasenzetse munthu.

Ndikunena motsimikiza chonchi chifukwa cha zimene atumwi anachita. Zaka pafupifupi 250 Yesu asanabadwe, Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira Malemba m'Chigiriki, Baibulo limene timalitcha Septuagint. Zidutswa zina zakale kwambiri za Baibulo limeneli zinasunga dzinalo m'zilembo za Chiheberi pakati pa mawu a Chigiriki, koma mipukutu yambiri imene inatifika ili ndi Kyrios, Ambuye. Chipangano Chatsopano chili ndi zolemba pamanja za Chigiriki zoposa 5,000, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chili ndi zilembo zinayizo. Yoweli 2:32 amati aliyense woitana pa dzina la YHWH adzapulumuka, ndipo Paulo pobwereza vesili pa Aroma 10:13 analemba kuti Kyrios, atangonena kumene pa vesi 9 kuti Yesu ndiye Kyrios. Baibulo la Dziko Latsopano la Mboni za Yehova linaika dzina lakuti Yehova m'malo 237 a m'Chipangano Chatsopano. Eni ake amati akubwezeretsa chimene chinachotsedwa, koma ine ndikuona kuti womasulira ayenera kutsata zimene zili m'mipukutu imene ili m'manja mwake, ndipo pa mfundo imeneyi sindigwirizana nawo, ngakhale ndimalemekeza changu chawo pa dzinali. Dzina la Yesu nalonso linayenda ulendo womwewo, kuchokera ku Yeshua kupita ku Iesous wa Chigiriki mpaka kudzafika pakamwa pathu ngati Yesu, ndipo atumwi sanaone cholakwa polilemba m'chiyankhulo cha anthu amene ankawalalikira.

Tsopano tibwere kwathu. Buku Lopatulika, limene amayi anu amawerenga, linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Mvera ndi ku Nkhoma mothandizana ndi aphunzitsi a kuno kwathu, ndipo pafupifupi paliponse pamene Chiheberi chili ndi YHWH iwo analemba Yehova. Malembo Oyera a Akatolika, a mu 1966, analemba Yahve. Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linasankha Chauta. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti pa nkhani imeneyi Mabaibulo atatu onsewa anachita bwino kuposa Mabaibulo ambiri a Chingerezi amene timawayesa apamwamba. King James ya mu 1611 ili ndi dzinali palokha m'malo anayi okha, Eksodo 6:3, Salimo 83:18, Yesaya 12:2 ndi Yesaya 26:4. Pafupifupi kwina konse inalemba LORD m'zilembo zikuluzikulu pofuna kusiyanitsa ndi Lord wa Adonai. Koma zilembo zikuluzikulu zimaoneka ndi maso okha, pamene anthu athu ambiri Baibulo amalilandira ndi khutu, m'tchalitchi, pamaliro ndi pawailesi. Farao akafunsa pa Eksodo 5:2 kuti Yehova ndani kuti ndimvere mawu ake, womvera wa Chichewa amamva msanga kuti mfumuyo ikunyoza dzina limene siikulidziwa. Anthu akafuula pa phiri la Karimeli kuti Yehova ndiye Mulungu, zimamveka kuti asankha pakati pa mayina awiri, Yehova ndi Baala. Tikanalemba Ambuye m'malo onsewa, mphamvu ya nkhanizi ikanazilala.

Ndikukumbukira usiku wina pa siwa kumudzi kwathu, moto uli pabwalo, amayi a chigwirizano atangomaliza nyimbo m'nyumba ya maliro. Mnyamata wina anawerenga Salimo 23 pa foni yake kuti Chauta ndiye mbusa wanga, ndipo agogo ena amene anakhala pamkeka pafupi ndi khomo, Buku Lopatulika lawo lakutha zikuto lili lokulungidwa m'kansalu pamiyendo, anapitiriza naye salimolo pamtima chapansipansi, iwo akunena Yehova. Palibe amene anadzudzula mnzake, ndipo ofedwa anatonthozedwa ndi Mbusa mmodzi yemweyo.

Pa dzina la Chauta ndili ndi maganizo awiri, ndipo ndiwanena onse. Omasulira Buku Loyera sanalitole mwachisawawa. Makolo athu ankadziwa Mulungu ndi mayina angapo, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi ndi Chauta, ndipo ambiri amalumikiza Chauta ndi uta, uta womwewo umene timauona m'mawu akuti utawaleza. Chochititsa chidwi n'chakuti pa Genesis 9:13, pamene Mulungu akuika chizindikiro cha pangano m'mitambo, liwu la Chiheberi lakuti qeshet ndi lomwe limatanthauzanso uta wa mlenje ndi wa msilikali. Chauta ndi dzina ndithu, limamveka ngati la kwathu, ndipo limakumbutsa Mulungu wopatsa mvula ndi wosamala anthu ake. Komabe pali chimene chimatayika. Dzina limene Mose anamva pa chitsamba choyaka moto ndi la mbiri ya Israele, ndipo wowerenga Chauta sangaone msanga kuti dzina lomwelo ndi limene lili m'kati mwa Aleluya, kapena kuti Eliya amatanthauza kuti Mulungu wanga ndi Ya, chinthu chimene ndi mtima wa nkhani yonse ya pa Karimeli. Pa chifukwa chimenechi, ndikamaphunzira mozama ndimatsegula Buku Lopatulika, koma ndikamawerengera ana kapena munthu amene Chinyanja cha 1922 chimamuvuta, ndimatenga Buku Loyera popanda chikumbumtima kunditsutsa.

Za kulondola kwa mawu a Chiheberi amene omasulira amatsata, ndinene mwachidule. Omasulira a masiku ano amadalira kwambiri Leningrad Codex, Baibulo la Chiheberi lolembedwa pamanja m'chaka cha 1008, limene limasungidwa ku St Petersburg. Mu 1947 ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, kunapezeka mipukutu yakale kuposa imeneyo ndi zaka pafupifupi 1,000, kuphatikizapo buku lonse la Yesaya. Atayerekeza anapeza kuti kusiyana kwambiri kuli pa kalembedwe ka mawu, ngakhale pali malo ena amene tanthauzo limakhudzidwa, monga Yesaya 53:11 pamene mpukutu wa ku Qumran uli ndi liwu lakuti kuwala limene mulibe m'mawu a Amasorete. Zinthu zotere sizibisidwa, zimalembedwa m'munsi mwa tsamba m'Mabaibulo ambiri. M'mipukutu ina ya ku Qumran alembi ankati akafika pa dzina la Mulungu ankasintha kalembedwe n'kulilemba m'zilembo zakale kwambiri za Chiheberi, ndipo ena ankangoika timadontho tinayi, kusonyeza kuti analisamala kuposa liwu lina lililonse.

Mukapita kukaona amayi, mutenge Baibulo lanu, iwo atulutse lawo, mutsegule Salimo 110:1. M'Chiheberi vesili limati YHWH ananena kwa mbuye wanga, mawu awiri osiyana, ndipo mudzaona kuti lawo likuti Yehova pamene lanu likuti Chauta, pa malo amodzimodzi enieniwo. Kenako mutsegule Mateyu 22:44, pamene Yesu akubwereza vesi lomweli pokambirana ndi Afarisi, muone kuti Buku Lopatulika lomwelo la amayi lalemba Ambuye, chifukwa Mateyu analemba Kyrios.