Kodi chabwino ndi choipa zimangotengera kumene unabadwira?

Achimwene, mwafunsa ngati pali choonadi chimene chimagwira aliyense, kapena chabwino ndi choipa zimangodalira mtundu wa munthu. Ndaona ambiri akuyankha kuti zonse n'chikhalidwe basi. Ine ndikuvomera pang'ono, kwinako ndikukana.

Zoti miyambo imasiyana, ife a muno mu Harare sitichita kuuzidwa. Kwathu Achewa mwamuna amakakhala kuchikamwini, ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Anzathu Achishona amalipira roora (malowolo) ndipo ana amatenga mutupo (mfunda) wa bambo. Mnyamata wathu wobadwira ku Mufakose akapeza mbeta ya Chishona, mumaona ankhoswe athu akuganiza za tambala ndi thadzi, uku enawo akutulutsa pepala la ng'ombe, ndalama, magolosale ndi jasi la apongozi. Wolakwa palibe pamenepo. Koma taonani chimene onse akufuna: banja lidziwike kwa abale, ana akhale ndi wowasamala, ndipo mkazi akamazunzidwa pakhale poti akadandaule. Asiyana njira chabe.

Pamene ndikukanira ndi apa. Mu 2005 itafika Murambatsvina, ntchito ya boma la Zimbabwe yogwetsa nyumba ndi misika imene linkati n'njosaloledwa, nyumba za kuseri ndi misika ku Mbare zinagwetsedwa m'nyengo yozizira, anthu akugona panja pambali pa mabedi ndi mawadiropu awo. Lipoti la Anna Tibaijuka wa United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Sindinamvepo ndi mmodzi yemwe wa amene anagona pamphepo aja akunena kuti nkhanza zimatengera mmene ukuzionera. Mawu amenewo amakoma ukakhala m'nyumba yofunda. Chimodzimodzi lamulo la unzika la 2001 lija, limene linasandutsa ana obadwira konkuno kukhala alendo chifukwa makolo anachokera ku Nyasaland. Malamulo aakulu a 2013 atakonza zimenezi, sitinati chikhalidwe chasintha ayi, tinati cholakwika chakonzedwa.

Ndipo tisamaloze ena okha. Ku Nkhotakota a Jumbe ankatumiza akapolo kutsidya kwa nyanja, ndipo ena ogulitsa anali mafumu athu omwe. Mwavi tinkamwetsana tokha, wosanza n'kupulumuka, wakufa n'kutchedwa mfiti. Zonsezo zinali zovomerezeka pa nthawi yake. Kodi zinali zabwino mpaka tsiku limene zinaletsedwa? Mayi amene mwana wake anamangidwa goli ankadziwa kale yankho, sanadikire mzungu.

Taganizaninso za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, mayi amene anathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kubwezera atsikana kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono ololeza zimenezi. Chikhalidwe chikanakhala woweruza womaliza, wolakwa akanakhala iwowo, poti anatsutsana ndi zimene anthu anazolowera. Komatu iwo anali mwini mwambo, ndipo anayeza mwambowo ndi china choposa mwambo. Khoti la malamulo aakulu muno mu Zimbabwe linaletsa ukwati wa osakwana zaka 18 mu 2016, Malawi n'kusintha malamulo ake aakulu mu 2017.

Chenjezo langa lipite kwa a mbali yanga. Kunena kuti choonadi chilipo sikutanthauza kuti chonse chili m'thumba mwanga kapena mumpingo mwanga. Amishoni ankachotsa anthu mumpingo chifukwa cha gule wamkulu, ndipo mpaka lero ena muno akamva ng'oma za zvigure (dzina la guleyu pa Chishona) amatseka zitseko, chonsecho UNESCO inalemekeza gule yemweyo mu 2005. Ambiri ofuula za choonadi amakhala akuteteza zizolowezi zawo. Zimene ndingaikire khosi n'zochepa: kuzunza wopanda mphamvu, kugulitsa munthu, kupha wachialubino pofuna chizimba, kugona ndi mwana.

Inu amene mwalemba kuti aliyense ali ndi choonadi chake, tandiyankheni: mkulu wa mpingo wina atabwera kudzapempha mwana wanu wa zaka 13, n'kunena kuti kwawo ndi mwambo, mudzamuyalira mphasa?