BP yabwino sitanthauza kuti mitsempha ya mtima ili bwino

Mwafunsa ngati mtima wa bambo anu uli bwino poti BP yawo ndi yabwino, ngakhale amamva kulemera pachifuwa akamakwera chitunda. Ayi achimwene, BP ya 125/80 imene bambo anu apezeka nayo sikutsimikizira kuti mitsempha ya mtima wawo ili bwino. Makina a BP aja amayeza mphamvu ya magazi mu mtsempha wa pamkono. Timitsempha todyetsa mtima weniweniwo, tokula mamilimita 3 kapena 4 basi, tikhoza kudzadza mafuta mkati, makinawo osaona kanthu.

Zili ngati payipi ya dzimbiri: kuthanki mphamvu ilipo, koma kudutsa potsekekapo madzi amangotuluka pang'ono. Bambo akakhala pansi, magazi ochepawo amakwanira. Koma mpata ukatsekeka kufika cha m'ma 70 peresenti, pokwera chitunda mtima umafuna mpweya wambiri kuposa umene ukufika. Ndiko kulemera pachifuwa mukunenako, komwe kumatha akapuma mphindi zochepa. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, mtima umalandira magazi ake makamaka pamene wamasuka pakati pa kugunda, ndiye ukamagunda mofulumira kanthawi kameneka kamafupika.

Kutsekekaku pakokha sikukweza BP. BP yokwera kwa zaka zambiri, shuga ndi fodya ndi zina mwa zimene zimawononga mitsemphayi.

Pitani nawo kwa dokotala sabata yomwe ino akawayeze ECG (makina oona kagundidwe ka mtima), shuga ndi cholesterol (mafuta a m'magazi), ndipo asayambe okha kumwa aspirin. Ululu ukawagwira ali chikhalire, ukapitirira mphindi 15, kapena ukabwera ndi thukuta n'kufalikira kumkono ndi kunsagwada, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.