Kodi thupi limadziwa lokha mchere umene likufuna?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera kuti amuna awo anawapeza ndi BP yokwera ndipo anawauza kuti achepetse mchere, koma bambowo akukana, ati thupi limadziwa lokha mlingo wake. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa malemu bambo anga ankanena zomwezo tikukhala ku Mbare, mu Harare momwemo. Iwo ankathira mchere m'ndiwo asanalawe n'komwe, ndipo ngakhale matemba a ku Kariba, amene amabwera atakolera kale mchere woumitsira, ankawawaza wina pamwamba. Amayi akadandaula, yankho linali lakuti munthu wogwira ntchito ya thukuta sadya ndiwo zosakolera. Tinazindikira mochedwa, sitiroko itawagwira n'kuwaumitsa mkono wamanja.

Amuna anu sakunama kwenikweni, pakuti thupi limaumvadi mchere. Lilime limaulawa. Ubongo umayeza kuchuluka kwake m'magazi, ndipo ukachuluka umadzutsa ludzu n'kutulutsa vasopressin, homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi. Impso nazonso zili ndi timaselo totchedwa macula densa, timene tikaona kuti mchere wachepa timachititsa kuti thupi litulutse michere yake yotumiza uthenga yotchedwa renin, kenako aldosterone, kuti mcherewo usatayike mumkodzo. Vuto ndi lakuti dongosolo limeneli ndi lakatswiri pa kusunga, koma silimuuza munthu kuti basi wakwana. Mchere wotsalira umakoka madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa mwamphamvu, mwiniwake osamva kupweteka kulikonse. Anthu akuda ambiri BP yathu imakwera msanga ndi mchere kuposa anthu ena.

Ine ndikukana kwamtuwagalu zoti lilime likhale woweruza, chifukwa limangotsatira zimene lazolowera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu asafike pa magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, koma mchere wambiri sitiuona ndi maso: uli m'buledi, m'polony, m'timapaketi ta supu, ngakhale mu soda amene timathira m'therere, pakuti nayenso ali ndi sodium, chimene chili mumchere chomwe chimakweza BP. Ku South Africa boma linaika malire a mchere m'zakudya zogula kuyambira 2016, pozindikira kuti kungolangiza anthu sikukwanira.

Nanga muchite chiyani?

Chepetsani pang'onopang'ono, popeza lilime limasintha pakatha milungu ingapo. Matemba muziwaviika ndi kutaya madzi ake musanaphike, mchere usakhale patebulo, ndipo nyemba, mbatata, nthochi ndi masamba zizipezeka kawirikawiri chifukwa potassium wake amathandiza impso kutulutsa sodium, koma osati ngati adokotala ananena kuti impso za amuna anuwo zili ndi vuto. Mankhwala a BP asasiye, ndipo azikayezetsa kukiliniki ngakhale akumva bwino.